Dzimbiri pa Galimoto ya Ba Mukuka

Matero, Lusaka
14 Ogasiti 2023

Okondedwa Ababa,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti inu ndi Amayi muli bwino kumeneko ku Namwera. Kuno tili bwino, kungoti mphepo ya mwezi uno yatidyetsa fumbi mpaka m'mano. Ndikudziwa kuti kalatayi akukuwerengerani ndi Amayi, poti mudzanena kuti magalasi anu simukuwaona pomwe munawasiya. Amayi, chonde musalumphe mzere ngakhale umodzi.

Galaja ikuyenda. Ena akafika n'kupeza kuti mwini wake tsopano ndi mwana wamkazi amabwerera pageti, koma ambiri akhala. Lero ndikufuna ndikuuzeni za Ba Mukuka, aja amanyamula ana a sukulu pa kaminibasi koyera, amene munawamangira madisiki atsopano a mabuleki sabata yomwe munanyamuka.

Anabwera Lachiwiri m'mawa nkhope ili gwa. Akuti potsetsereka ku Lilanda mwana wina anadutsa pamsewu, iwo n'kuponda buleki, chiwongolero n'kuyamba kunjenjemera mpaka kufuna kuwapulumuka m'manja. Kumbuyo kunali ana khumi ndi awiri. Anaima, koma patali pang'ono ndi pomwe amafuna.

“Ba Nassoro bali kuti?” anandifunsa. “Nifuna beve, osati iwe.”

Ndinawauza kuti munapita kumudzi, ndipo ndinapempha makiyi. Ndinachita monga munandiphunzitsira, kumvetsera galimoto ndisanagwire sipanala. Ndikathamanga osaponda buleki, inkayenda myaa, ndiye ndinadziwa kuti si matayala. Ndikangoponda, chiwongolero chinkagwedezeka koma mpando ayi, kusonyeza kuti vuto lili kutsogolo. Titabwerera ndinaikweza pa jeki, ndinagwedeza matayala onse awiri, panalibe cholobodoka. Nditawachotsa ndinagwira choko pafupi ndi disiki n'kumaizunguza pang'onopang'ono. Ya kumanzere inadutsa bwinobwino. Ya kumanja choko chinkaikhudza mbali imodzi yokha.

Nditamasula disikiyo ndinaona chifukwa chake. Pachitsulo pomwe imakhalapo, theka linali lopalidwa mpaka kuwala, theka lina linali ndi dzimbiri lokhuthala ngati chikhadabo. Disiki inakhala mopendekeka kuyambira tsiku lomwe inamangidwa, ndipo miyezi inayi yonseyi yakhala ikudyeka mosiyana.

Ababa, ndinakhala pansi pa tayala lija nthawi yaitali. Inu amene munandibwezapo katatu kuti ndikapalenso chitsulo chomwe ine ndinkachiona choyera, simungasiye dzimbiri lotere mukuliona. Pamenepo ndinakumbukira mmene chaka chathachi munkandiitanira kuti ndikuwerengereni nambala ya sipanala, mukuti mukundiyesa. Ndinakumbukiranso tsiku lomwe munalonjera Ba Chisala, kasitomala wathu wakalekale, ndi dzina la munthu wina. Munatiuza kuti mukupita kumudzi chifukwa mwatopa ndi phokoso la Lusaka. Ine ndinakhulupirira, chifukwa ndinkafuna kukhulupirira.

Ba Mukuka anasuzumira n'kufunsa kuti, “Nanga anamanga apa ni ndani?”

Ndinati ndine. Mundikhululukire bodza limenelo. Sindinafune kuti dzina lanu lizikambidwa pa siteshoni ya minibasi. Iwo anangopita kukakhala pa benchi.

Disiki ndinapita nayo ku Heavy Industrial kuti akaisalaze pa makina, ndipo mwamwayi inali idakali yokhuthala mokwanira. Ndinapala chitsulo chija ndi sandipepa mpaka ndinadziona nkhope, ndinaika mapadi atsopano mbali zonse ziwiri, manati n'kumanga modumphitsa, pang'onopang'ono, osati kuzungulira motsatana. Madzulo tinapita kukaiyesa pa mtsetse womwe uja. Anayendetsa okha. Anaponda kamodzi, kawiri, kachitatu mwamphamvu, chiwongolero chili phee.

Anaimika pambali pa msewu, n'kuzimitsa injini.

“Hafswa, siku ija yomanga madisiki nenze nkhale pa benchi,” anatero. “Iwe unayenda kugula oyilo. Ninaona batate bako bapapasa nati pansi na manja, pamene inali pafupi na mwendo wao. Ninaziba. Koma ninamvela nsoni kukamba, munthu anikonzela motoka zaka twente.”

Ndinalira m'galimoto ya kasitomala, Ababa, ndi manja a girisi. Iwo anandisiya ndilire. Kenako anandiuza kuti amayi awo anali ndi ng'ala m'maso onse awiri, anawachotsa kuchipatala cha maso kuno, ndipo lero amalowetsa okha ulusi pa singano. Akuti mukabwera adzakutengani okha pa siteshoni ndi kukuperekezani kuchipatalako.

Ndiye pempho langa ndi limeneli. Bwerani madokotala akuoneni. Sindikudziwa ngati lanu ndi vuto lomwelo, koma tisangokhala osafunsa. Sindinauze munthu aliyense, ngakhale achimwene a Tahir. Magalimoto ena atatu amene munawagwira mwezi womaliza uja ndawaitana kale, ndinati ndi cheke chaulere, ndipo onse ali bwino. Inali imodzi yokhayi, ndipo palibe mwana amene anavulala.

Amayi, ngati akwiya, asiyeni akwiye, koma muwapakirire chikwama. Mulonjere azakhali ndi onse a pakhomo. Akumzikiti amakufunsani Lachisanu lililonse. Ababa, pali galimoto ina yabwera dzulo imene ikulira mwachilendo ikamakhota, ndipo yandikanika. Makutu anu ndi abwinobwino. Bwerani mudzaimvetsere, ine ndidzakhala maso anu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Hafswa