Gadiyani wa Bambo a Kadzuwa

Lolemba, 12 Juni 2023

Lachisanu likudzali bambo a Kadzuwa akaonedwanso ku Lilongwe. Kapaipi ka kamera kaja m'matumbo, aone ngati tizotupa timene anachotsa chaka chatha tameranso. Adokotala anati tikalekereredwa timasanduka khansa.

Gadiyani asankha Mirriam, mkazi mnzanga wapamitala. Mkazi wadzanadzanali, wopeza mwamuna atanenepa kale. Ati, "Iwe Esinati uyang'anire mpunga kumunda." Ine wa mpunga tsopano. Chaka chatha ankagona pasimenti kuchipatala ndani? Ankataya zam'chidebe ndani?

Lachitatu, 14 Juni

Mirriam wagula chitenje chatsopano pa Golomoti, wamangitsanso tsitsi. Kuchipatala ngati kuukwati. Wadutsa pakhomo panga kangapo, popanda chimene akufuna. Nsanje ikundidya, sindibisa.

Masana wakazinga mtedza ndi chimanga, waphika chinangwa. Kamba wa paulendo. Koma wopita ku kamera ija sadya cholimba dzulo lake. Madzi okha ndi mankhwala otsegula m'mimba, kuti matumbo ayere. Kuchipatala cha Mua anawafotokozera powapatsa mankhwalawo, koma bambo zachipatala sasunga m'mutu, anazolowera kuti wosunga ndine. Mirriam sakudziwa. Kundifunsa ayi.

Inenso ndangokhala duu.

Lachinayi, 15 Juni

Ndawaperekeza pasiteji. Minibasi isanadzaze n'komwe, dzanja la bambo lili kale m'jumbo ya mtedza. Mawu anafika pakhosi, zoona. Ndiye Mirriam akuwachotsa makoko a mtedza pandevu, anthu onse akuona.

Ndinameza mawu aja. Ndinawafunira ulendo wabwino.

Loweruka, 17 Juni

Abwera. Kamera sinaone kanthu, m'matumbo munali mosayera. Gadiyani anafunsidwa pamaso pa anthu chimene anadyetsa wodwala, anasowa poyang'ana. Awapatsa tsiku lina mu Okutobala, odikira ndi ambiri.

Bambo afikira kwanga, chikhalirecho sabata ino ndi ya Mirriam. Ati ulendo winawo ndipite ndine. Ndinazungulira kuseri kwa nyumba kukaseka. Mulungu andikhululukire, zandikoma.

Lachiwiri, 20 Juni

Mirriam wandipeza ndikupeta mpunga. Maso otupa, tsitsi lija wamasula. Wagwada. "Amayi, chaka chatha munkachita bwanji? Ndiphunzitseni, ndisadzawalakwirenso."

Ndamuuza kuti ndinaiwala. Wathokoza, wandithandiza kupeta mpaka kumaliza. Zimenezo zandinyansa kuposa chitenje chija.

Lolemba, 10 Julayi

Kuchapa m'mawa. Pakabudula wamkati wa bambo, magazi. Ofanana ndi a chaka chatha.

Ndawatsata kumunda. Poyamba amazemba, kenako avomera kuti anayamba mu Meyi, ankachapa okha kudambo. Ndawafunsa chifukwa chake anandibisira, n'kutenganso mwana wosadziwa kanthu. Akhala pamzere, khasu pansi.

"Ndinkaopa kuti akapeza choipa. Iwe unavutika nane kokwanira, Esinati. Sindinafune kuti ukamve zimenezo uli wekha pabenchi paja."

Ndiye iwo anapita akudziwa kuti mwina zabwerera. Ine ndinaima pasiteji kuwaonerera akutafuna mtedza.

Mawa ndiwatengera ku Mua, ndikapemphe ngati angatithandize kuti tsiku lija alisendeze pafupi. Ndikagwada ngati n'kugwada. Okutobala ndi kutali.

Mirriam ali pakhomo, wabwera ndi phala la bambo, akufunsa ngati ili lokha n'lololedwa. Mpaka lero akuganiza kuti wolakwa ndi iye. Ndituluke, ndikamuuze kuti tsiku lija pasiteji ine ndinkadziwa, koma sindinanene.