Zimene Ndinaona Pansi pa Nsalu

Kwa Kalembo, Balaka
13 Okutobala 2024

Okondedwa achemwali anga a Saida,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino ku Joniko, inu pamodzi ndi alamu. Musadabwe kuti ndalemba papepala chonsecho timalankhulana pafoni sabata iliyonse. Pali nkhani imene ndaiyamba katatu konse, koma ikafika pakhosi imasanduka ya mtengo wa chimanga. Choncho ndapempha a Samson, dalaivala wa basi uja wa kwathu, kuti akupatseni m'manja. Muiwerenge muli nokha.

Sadaka ya masiku makumi anayi ya amayi tinachita bwino kwa Kawinga Loweruka lapitalo. Anthu anachuluka kuposa mpunga umene tinaphika, ena anachita kupalasa njinga kuchokera ku Nayuchi. Ana anu, Zulfa ndi Abdulrazak, amene ankakhala ndi amayi, ndabwera nawo kuno ndipo ndawalembetsa pasukulu imene ndimaphunzitsa. Zulfa anakana kusiya mkeka wa swala, wopempherapo uja, wa agogo ake. Amauyala yekha m'mawa uliwonse, ndipo amagwada pamalo omwe aja pamene mawondo a amayi anaperepesa.

Pa sadakapo aliyense amakumbukira chake. Ena amanena mmene amayi athu, Abiti Zubairu, anatilerera ndi khasu lokha bambo atamwalira, kulima mpunga kudambo madzi ali m'mawondo. Ena amanena zoti sanadumphepo tsiku la Ramazani ngakhale chaka cha njala chija, pamene chomasulira chinali madzi ndi mango aawisi. Koma ambiri amanena za ntchito yawo yosambitsa maliro a akazi. Zaka makumi atatu ndi ziwiri, achemwali. Uthenga ukawapeza kumunda ankasiya khasu pomwepo, n'kukatenga beseni lawo loyera ndi sopo wogula okha, ndipo sankalandira ngakhale nkhuku.

Mukukumbukira tsiku lija kumjigo, a Joanna a m'mudzi mwathu aja atawatsekera njira ndi ndowa?

"Abiti Zubairu, inu ndi ine ndife amodzi. Kodi n'zoona kuti malemu aja anali ndi mphini msana wonse?"

Amayi anangoti, "Ine maso ndimawasiya pakhomo pamodzi ndi nsapato. Kafunseni nsapato zanga, mwina zinasuzumira."

Tinaseka njira yonse, koma titafika kunyumba anatikhazika pansi. Anati munthu wakufa sangadzifunde yekha, ndiye womusambitsa amakhala nsalu yake yomaliza. Anatinso amene wabisa zimene waona pathupi la maliro, Mulungu adzamubisira zake pa tsiku la chiweruzo, ndipo woulula naye adzaululidwa. Mawu amenewa ndi amene ndikuwakumbukira pamene ndikulemba, chifukwa chimene ndikufuna kuchita ndi chomwe anatiletsa, ndipo ndikuchichita pathupi lawo lomwe.

Inu munamva kuti amayi anamwalira ndi chibayo. Ndinakuuzani ndine, poti nanenso ndi zimene ndinauzidwa. Popeza mwambo wathu sulola maliro kugonera, inu simukanafika, ndiye m'chipinda chosambitsira tinalowa atatu: a Habiba (mnzawo wa amayi uja amene ankagwira nawo ntchitoyi), azakhali, ndi ine. Ndifotokoze mmene zimakhalira, poti simunalowemo. Thupi limafunditsidwa nsalu kuyambira m'khosi mpaka kumapazi, ndipo nsaluyo sichotsedwa. Wina amathira madzi ofunda pamwamba, wina amakulunga kansalu kudzanja n'kumasambitsa pansi pake, kuyambira mbali ya kumanja, katatu. Ine ndinayenera kungothira madzi. Koma manja a a Habiba amanjenjemera masiku ano, ndiye anandipatsa kansaluko.

Kumanja ndinamaliza bwino. Nditafika kumanzere, dzanja langa linagunda chinthu cholimba ngati mwala pabere, chomangidwa ndi zigamba za chitenje. Ndinalakwa, achemwali. Ndinakweza nsalu n'kuyang'ana. Panali chilonda chachikulu, chakale, chimene chinali chitadya mpaka kukhwapa. Pomwepo ndinamvetsa chifukwa chimene ankafukizira lubani m'nyumba tsiku lililonse chaka chathachi, ndi chifukwa chimene anasiyira kusenza ndowa ndi dzanja lamanzere, n'kumati ndi nyamakazi.

A Habiba anabweza nsalu ija mofatsa, n'kundiyang'ana.

"Waona chiyani, mwanangu?"

"Palibe."

"Eya. Thira madzi."

Ndakhala nacho chinthu chimenechi masiku makumi anayi. Sindikanafunsa a shehe, chifukwa kufunsa komweko n'kuulula, kwa mwamuna kumene. Sadaka itatha ndinatsatira a Habiba kuseri kwa nkhokwe kumene amatsuka mbale, ndipo anavomera kuti ankadziwa kwa zaka ziwiri. Ndiwo ankawatsuka chilondacho Lachisanu lililonse asanapite kumzikiti. Chinayamba ngati kanjere ka nandolo, chosapweteka n'komwe. Anawachonderera kuti apite kuchipatala, amayi n'kumati apita akakolola, kenako akatha Ramazani, kenako sukulu zikatsekera. Chifukwa chenicheni chimene sankafunira kuchoka pakhomo n'kukagonekedwa kutali a Habiba anandiuza, koma chimenecho ndichisiya kuseri kwa nkhokwe komweko. Sichingathandize aliyense, ndipo amayi anachita mwa kufuna kwawo, mokondwa.

Ndinawafunsanso za agogo athu, amayi awo a amayi, amene timangomva kuti anamwalira ndi chifuwa. A Habiba anangopitiriza kukwecha mphika. Iwo ndi amene anawasambitsa. Pamenepo ndinayamba kukayika zoti chinali chifuwa.

Tsono mvetsani chifukwa chimene ndaswera lamulo la amayi. Anamwino amene anabwera kusukulu kwathu chaka chatha anatiphunzitsa kuti khansa ya m'mawere nthawi zina imayenda m'magazi a banja, kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi. Anatinso ikapezeka idakali kanjere madokotala amatha kuithandiza, koma ikachedwa imafika pamene ndinaona paja. Ndinalemba zonsezi m'kope, n'kukaphunzitsa amayi a m'komiti ya sukulu, osadziwa kuti amayi anga omwe akumanga zigamba. Inu ndinu wamkulu kwa ine ndi zaka zinayi. Chonde pitani akakupimeni mwezi uno, musadikire tchuthi. Bwana wanu akakana, muuzeni kuti ndi za maliro, simukhala mutanama.

Ndazungulira mokwanira. Ine ndili nako kanjere, achemwali. Kumanzere komweko. Ndinakapeza posamba masabata atatu apitawo, ndipo sikapweteka. A Abdulrahim, bambo a kunyumba kuno, sindinawauze. Tsiku lililonse ndimati ndiwauza mawa, ndipo ndinadziuza kuti kuchipatala ndipita ana akalemba mayeso, poti kalasi langa lilibe mphunzitsi wina, komanso Zulfa ndi Abdulrazak angotaya kumene agogo awo, sangaone munthu wachiwiri akunyamulidwa. Tsiku lina ndikumanga chitenje ndinadzimva ndikunena kuti "sukulu zikatsekera". Anali mawu a amayi, mkamwa mwanga.

Izi ndinawauza a Habiba kuseri kwa nkhokwe kuja, n'kuwafunsa ngati Mulungu adzandiulule ndikakulemberani. Anaika mphika pansi.

"Za Mulungu ukamufunse mwini wake. Ine ndinabisa monga anandipempha, ndipo mnzanga ndamukulunga m'sanda ndi manja angawa. Ukalemba usandiwerengere, sindinamve kanthu."

Ndinayamba kulira, iwo n'kundikoka khutu ngati mwana.

"Iwe, aphunzitsi opanda nzeru. Ndasambitsa agogo ako, ndasambitsa amako. Msana wanga watha. Ukandibweretsera ntchito yachitatu ndikukana, ukasambe wekha. Pita kuchipatala."

Ndipita Lachinayi likubwerali, kuchipatala cha boma. Ndapempha kale tsiku kwa ahedi, ndati ndikukaonetsa dzino. A Abdulrahim ndiwauza kalatayi ikangochoka m'manja mwanga, chifukwa ikakhala m'basi sindingathenso kubwerera. Ndikuopa, achemwali. Ndikuopa chimene akapeze, ndikuopa mpeni, ndipo ndikamaswali ndimaopa kuti amayi akundiona ndikukweza nsalu yawo kachiwiri. Ngati ndachimwa, tchimolo likhale langa ndekha. Inu mwangowerenga.

Beseni loyera lija a Habiba anandipatsa kuti ndisunge. Ndaliika pamwamba pa kabati, chozondotsa.

Mupereke moni kwa alamu. Zulfa akuti mumutumizire mpango wobiriwira, Abdulrazak akuti nsapato za mpira, nambala faifi. Iwowa sakudziwa kanthu, ndipo mukaimba foni muyambe mwaseka nawo monga mwa masiku onse. Mukatero mundipemphe ine, ndipo musandifunse za chimanga. Mundifunse kuti, "Unapita?" Ndikayamba kunena za mayeso a ana, mundikalipire monga munkachitira ndikathawa kudambo. Nanenso ndidzakufunsani funso lomwelo.

Mundikumbukire mu duwa yanu popemphera Lachinayi m'mawa, ndipo muwapemphererenso amayi, kuti andikhululukire.

Ndine mng'ono wanu,
Fauziya