Chilonda cha m'kamwa mwa amayi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joni kumeneko. Kuno ku Lifuwu ana ali bwino, mpunga wachita, koma amayi sali bwino.

Mukudziwa kasutidwe kawo ka chingambwe, moto uli m'kamwa. Kunatuluka chilonda m'kamwamo, iwo n'kumabisa. Lachitatu tikuyanika usipa ndinawaona akulavula magazi, ndipo ndinathamanga nawo kuchipatala kuboma.

Adokotala atawaunika ndi tochi anandiitanira panja. "Mayi anuwa amasuta?" Ndinavomera. Iwo anati, "Imeneyi ndi khansa, wawapweteka ndi fodya. Mwachedwa nawo."

Achimwene, tangoganizani! Fodya yemweyu, amene pa wayilesi amati ndiye chuma cha dziko lathu? Palibe anatiuzapo kuti amapha. Pobwerera amayi anandipempha machesi, ine misozi chuchuchu.

Tsopano akungomwa phala lamadzimadzi, ndipo mawu awo sakumveka bwino. Ndudu zimene mumawatumizira musatumizenso, ndipo nanunso muleke kusuta, ndagwira mwendo. Pemphani tchuthi kwa mabwana anu, mubwere msanga amayi akadali kulankhula.

Mulungu akusungeni mumgodimo.

Ine mlongo wanu,
Esinati