Waya pa Loko ya Lifiti

Lachinayi madzulo. Kwatentha tsiku lonse, ndipo mtima wanga suli m'malo.

M'mawa tinakweza galimoto ya ku Chifunda pa lifiti ya pagalaja pathu kuti ndisinthe masipuling'i. Lifiti ikamakwera, maloko ake amalira kho kho mbali zonse ziwiri, kusonyeza kuti agwira ndipo galimoto singagwe. Lero ndinazindikira kuti kumanzere kunali zii. Nditasuzumira ndinapeza loko itamangidwa ndi waya kuti isagwire, waya watsopano, wopotedwa bwinobwino ndi pulayala.

Ndinaitana Ba Goma, eni galaja. Sanadabwe n'komwe. Anati, "Iwe Mateyo, loko imeneyo imakakamira potsitsa, imatichedwetsa. Lowa pansi, mwini galimoto akudikira."

Ndinawakumbutsa kuti lamulo sililola munthu kulowa pansi pa galimoto loko isanagwire. Anaseka. "Manje wasanduka insipekitala?"

Ndinadula wayayo iwo akuona, loko n'kugwira, ndipo ndinagwira ntchito yanga. Sanandilankhulenso mpaka poweruka.

Za Ba Goma sizikundiwawa kwenikweni, ndimawadziwa. Amene akundivutitsa maganizo ndi Zimba, makanika mnzanga, amene anandiperekeza pokafunsira mayi a ana anga. Sabata yonseyi wakhala akudandaula msana, ntchito zonse za pansi pa galimoto n'kumandisiyira ine. Ndinkamumvera chisoni. Koma pobwera kunyumba ndamuona pamsika atasenza thumba la chimanga, akuyenda njo, akuimba mluzu.

Mawa ndimufunsa maso ndi maso ngati ankadziwa za wayayo. Akakana, ndimudziwa ndi maso omwewo. Koma akavomera kuti ankadziwa, n'kumandiyang'ana ndikulowa pansi pamenepo...