Kapu ya Dongo ya Esinati

Lachinayi, February 2002. Tsiku lolemera, mutu ukungowawa.

Kusukulu yathu ya mkombaphala ufa wa phala unatha sabata yatha, ndipo ana ambiri aleka kubwera. Ochepa amene anabwera lero anaimba mofooka. Masewera olumpha ndinawasiyira panjira, chifukwa ena anangokhala pansi n'kuyamba kusinza.

Ndiye ndinayesa zimene tinaphunzira ku maphunziro a alezi kuboma kuja. Anatiuza kuti mwana asamangoloweza zilembo ngati nyimbo, koma tizimupatsa dongo aumbe chimene akufuna, kenako tizimufunsa kuti waumba chiyani n'kumuyamikira. Dongolo ndinakakumba ndekha kudambo m'mamawa. Ndimayembekezera tiziwidole ndi magalimoto, koma iwo anaumba zitumbuwa, mbatata, wina chinangwa.

Esinati, mwana wa mlamu wanga, anaumba kapu yaikulu kuposa yake ya pulasitiki. Ndinamufunsa monga anatiphunzitsira. Iye akuti, "Aphunzitsi, iyi ndi ya phala. Likabwera mundithirire modzadza, lina ndikawapatse amayi."

Ndinati waumba bwino, anzake amuwombere m'manja. Anawomba. Atatha, Esinati anandigwira chitenje n'kundifunsa kuti phalalo libwera liti.

Otiphunzitsa aja analankhula zambiri, koma yankho la funso limeneli sanatipatse. Ndinamunamiza kuti mawa.

Kapuyo waisiya pawindo la tchalitchi chimene timaphunziriramo kuti iume. Ndikumudziwa Esinati, mawa ndiye adzayambirira kufika. Ndipo ine ndidzamuyang'ana ndi maso ati...