Ndagwila Kalasi ya Keziah

Okondedwa alongo anga a Vitalis,

Muli bwanji ku Solwezi, pamodzi ndi alamu ndi ana? Mwendo uja unaleka kutupa? Kuno ku Nyimba matupi ali bwino, amai ku Luembe akumba nshawa, koma ine ndikuyenda chozolika ndi manyazi.

Mukudziwa kuti mng'ono wanga Keziah amaphunzitsa Giledi 3 pa sukulu ya amuna anga, a Josphat. Aphunzitsi pano alibe kontilakiti. Wodwala amadzipezela yekha womugwilila kalasi, ndipo wopita kukachila amabwela kupeza pamalo pake pali wina. Keziah, ndi pakamwa pake paja, anasonkhanitsa anzake kuti alowe yunyoni ya aphunzitsi. Anawauza kuti lamulo limawalola.

A Josphat atamva anapsa mtima. Anati sukulu anaimanga ndi thukuta lao, sangaphunzitsidwe malamulo ndi mlamu amene anamulela okha. Anamucotsa nchito pamaso pa anzake.

Lolemba anandiuza kuti ndikagwile kalasi yake, makolo asaone mpata. Ine amene ndinalekela Giledi 9, wogulitsa vitumbuwa pa geti! Sindinakane, alongo. Ndinasita dilesi la kuchalichi n'kupita. Ndisakunamizeni, ana ataimilila n'kundichula kuti madamu, mtima unakoma.

Pa buleki ndinaona Keziah ataima kunja kwa mpanda. Ndinayesa wabwela kudzanditukwana, ndipo bola akanatelo. Anandipatsa moni mwaulemu monga masiku onse. Anati kamtsikana kena dzina lake Goodness sikamva bwino, ndizikakhazika kutsogolo, ndipo kakapanda kuyankha ndisamakakalipile. Anandipatsilanso pa waya dasitala yofufutila pa bolodi imene anasoka yekha, n'kubwelela.

Alongo, Goodness ameneyo ndinali nditamukwapula kale m'mawa womwewo, poyesa ndi mwano. Ndinalowa m'kalasi, koma mwanayo ndinalephela kumuyang'ana.

Tsopano yunyoni yatengela nkhaniyi kwa a Leba, a boma oona za nchito, ndipo akubwela Lachinai. A Josphat akufuna ndikanene kuti Keziah anasiya yekha nchito, ine ndinangomvela cifundo ana osiyidwa. Akuti mau a mkulu wake palibe angawatsutse. Akutinso ndikakamba zina ndimange katundu.

Banja ndimalifuna, ana anga akali aang'ono, ndipo a Josphat si munthu woipa masiku onse. Koma malo a mng'ono wanga ndinalanda kale. Ndimulandenso dzina? Ndikanama, palibe sukulu idzamulembe nchito kuyambila Kacholola mpaka Petauke.

Mwini mbumba ndinu, ndiye ndikupempha mubwele Lachitatu. Sindikuti mudzanyengelele alamu anu, iyai. Mudzangokhala pafupi nane, cifukwa ndimadzidziwa, a Josphat akandiyang'ana mau amandithawa. Ndikufuna ndikanene zimene ndinaona.

Muimbilenso amai, asese kanyumba kaja ka kuseli, mwina ndidzafikila mmenemo. Keziah musamuuze kanthu. Akandithokoza ndidzasowa koyang'ana.

Mupeleke moni kwa alamu ndi ana onse. Mulungu akusungeni pa msewu wautaliwo.

Ndine mlongo wanu,
Tasila