Mchombo Wanga Udikira Mino

Lolemba, 3 Juni
Tayamba! Ine ndi Mino, msuweni wanga wa ku Auckland, tagona pamkeka kwa a tufuga, otema mphini. Mphini za pe'a, zija zoyambira pamsana mpaka m'mawondo, munthu satemedwa yekha, ndiye ine ndine soa wake, mnzake wa pa ululu. Lero msana. Mayo ine! Kachitsulo kotemera kakugogoda pafupa penipeni, anyamata awiri akukoka khungu. Mino akuti, "Aise, nkhope yakoyo ngati wameza nkhanu." Iye misozi ili chuchuchu.

Lachitatu, 5 Juni
Nthiti. Sindilemba zambiri.

Loweruka, 8 Juni
Kusamba m'nyanja, mchere kulowa m'mabala. Tikuyenda ngati abakha. Azakhali a Sieni, mayi ake a Mino, atiphikira nthochi za mkaka wa kokonati. Tadya chiimire, kukhala pansi n'kosatheka.

Lachiwiri, 11 Juni
Mino bondo latupa, thupi latentha. Namwino wampatsa mankhwala, akuti apume kaye. A tufuga apitiriza pa ine, iye atagona pambali, osaseka ngakhale pang'ono.

Lachinayi, 13 Juni
Ndam'peza Mino akuyang'ana matikiti a ndege pafoni. "Kwathu ndimavala buluku, adzaona ndani?" Ndamukumbutsa kuti wothawa pakati amatchedwa pe'a mutu, kutanthauza wosamaliza, ndipo manyazi ake ndi a banja lonse mpaka kumanda. Akuti, "Mandawo ndi anga." Ndamunena kuti ndi khanda la m'tauni. Sitikulankhulana.

Loweruka, 15 Juni
Kwa ine kwatsala mchombo basi, potsekera. A tufuga akuti titseke lero, chifukwa Lachiwiri akuwolokera ku chilumba cha Savai'i, kubwerako mwina chaka chamawa. Ndangomva pakamwa panga pakuti, "Pepani a tufuga, mchombo wanga udikira Mino."

A tufuga akuti, "Akakwera ndege, osamaliza mukhala awiri. Wamva?"

Ndati ndamva. Amayi alira, akuti ndavutikiranji masiku onsewa. Kunena zoona mantha andigwira. Pakamwa panga ndi pachitsiru!

Lamlungu, 16 Juni
Kutchalitchi aliyense wamva kale. Mino sanabwere. Azakhali akuti chikwama walongeza.

Lolemba, 17 Juni
Ndinapita m'mawa kwa a tufuga kukangokhala. Iwo akutsuka zida. Basi ya ku bwalo la ndege inadutsa, ine osayang'ana n'komwe.

Kenako ndikumva munthu akukoka mwendo pamiyala. Mino, atavala nsalu m'chiuno, buluku palibe.

"Chitsiru iwe, anakutuma ndani?"

"Palibe."

"Ndiye ndikafa, ukauze amayi kuti wandipha ndiwe. Sendera."

Wagona, watambasula mwendo wabwino uja. A tufuga auza mwana wawo kuti aimbire a ku Savai'i, adikire kaye. Atayamba kugogoda bondo, Mino wandigwira dzanja. Mpaka pano zala sizikupindika, ndikulemba ndi lamanzere.